Nzeru ya mphero m'kati mwa injini

Aliyense amene amafika pa gombe la Metangula m'mawa, maboti akukocheza ndi usipa, anamvapo mkangano wa mwini boti ndi makaniko wake. Mwini boti amati, "Achimwene, gasiketi ija ndagula sabata yatha yomweyi, lero yapsanso bwanji?" Makaniko, manja ali bii ndi oyilo, amayankha kuti, "Bwana, magasiketi a masiku ano ndi achinyengo." Mkangano umathera pomwepo. Ndalama ina imatuluka m'thumba, mwana amakwera chapa kupita ku Lichinga, ndipo pakatha masabata awiri nkhani imayambiranso.

Nthawi zina makaniko amakhala akunena zoona, pakuti katundu wabodza alipodi m'misika mwathu. Koma kawirikawiri gasiketi imafera mlandu wa eni. Olakwa enieni ndi nkhope ziwiri za chitsulo zimene gasiketiyo imagona pakati pake. Imodzi ikapindika, ngakhale pang'ono pamene diso silingaone, mungagule gasiketi yochokera ku Japan kwenikweni, idzapsabe. Sabata ino tsono tikambe za ntchito yopera chitsulo mpaka nkhope yake ikhale thyathyathya, ntchito imene pa Chingerezi amaitcha lapping. Kwawo kwenikweni ndi m'mafakitale akuluakulu, koma mbali ina ya ntchitoyi ikhoza kuchitika pansi pa mtengo wa mango pano pa Metangula, pamene mbali ina siyenera kuyesedwa n'komwe. Mwini boti, mwini chigayo ndi mwini njinga yamoto ayenera kudziwa pamene pali malire.

Poyamba tisiyanitse mawu awiri amene timawasokoneza. Kusalala ndi kwina, kukhala thyathyathya ndi kwina. Dzira ndi losalala, mtsuko umene mayi waukulunga ndi nkhulungo umasalala mpaka kunyezimira, koma palibe amene angati dzira kapena mtsuko ndi wathyathyathya. Makaniko akapukuta hedi ya injini ndi sandipepa, imene pa Chipwitikizi timati lixa, mpaka iwale ngati kalilole, amakuonetsani monyadira. Kuwalako sikukuuzani kanthu. Chofunika ndi chakuti nkhope yonse, kuchokera ngodya iyi kufika ngodya iyo, ikhale pa mulingo umodzi, popanda chulu, popanda chigwa.

Akatswiri enieni anagwerapo m'mbuna imeneyi. Mu 1990 dziko la America linatumiza kumwamba makina oonera nyenyezi otchedwa Hubble. Kalilole wake wamkulu, wa mamita 2.4 m'mimba mwake, anali wosalala modabwitsa, koma zithunzi zoyamba zinatuluka zachimbuuzi. Atafufuza anapeza kuti m'mphepete mwa kaliloleyo anaperamo mopitirira ndi maikroni awiri ndi pang'ono. Anachita kutumiza anthu kumwambako mu December 1993 kukaika magalasi ena owongola cholakwacho. Kodi maikroni n'chiyani? Tengani milimita imodzi pa rula ya mwana wa sukulu, muigawe pa 1,000. Gawo limodzi ndiyo maikroni. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa maikroni pafupifupi 70. Mawuwa muwasunge, tikumana nawonso kutsogoloku.

Maziko a ntchito imeneyi agogo athu aakazi anali nawo kalekale pa mphero. Miyala iwiri ikamakhuzana tsiku ndi tsiku, makamaka pakakhala timchenga pakati pake, malo otumphuka ndiwo amayamba kudyeka, mpaka miyala iwiriyo igwirane paliponse. Lapping yonse yagona pamenepo: zinthu ziwiri, timiyala tolimba tomasuka pakati, madzi kapena mafuta pang'ono, ndi kudekha. Koma mphero yomweyo ikutionetsanso vuto lake. Pitani mukaone mphero yakale ku Messumba kapena ku Chuanga. Mudzapeza kuti inakumbika pakati ngati mbale, ndipo mwana wa mphero anatumphuka kuti alowe bwino m'chigwamo. Ziwirizi zimagwirana bwinobwino, koma palibe chathyathyathya pa izo.

Nanga munthu angapeze bwanji nkhope yathyathyathya pamene alibe ina yoyezera? Yankho lake ndi lokoma kumva. Amatenga mbale zitatu za chitsulo. Amapera yoyamba ndi yachiwiri, kenaka yachiwiri ndi yachitatu, kenaka yachitatu ndi yoyamba, n'kumazungulira choncho. Yoyamba ikakhala chigwa, ziwiri zinazo ziyenera kukhala zulu kuti zigwirane nayo. Koma zulu ziwiri mukazikumanitsa zimangokhudzana pansonga, ndipo nsongazo zimadyeka. Mbale zitatu sizingagwirane zonse pokhapokha zonse zitakhala thyathyathya. Zili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu: mboni ziwiri zikhoza kupangana bodza, koma yachitatu imawulula.

Amene anatchukitsa njira ya mbale zitatu ndi Joseph Whitworth wa ku Manchester, m'zaka za m'ma 1830. Iye mwini ankakonda kupala malo otumphukawo ndi kachitsulo kakuthwa m'malo mogwiritsa ntchito mchenga wopelera, ndipo anafotokoza maganizo akewo pa msonkhano wa akatswiri ku Glasgow mu 1840. Mzinda wa Glasgow si wachilendo kwa ife a kunyanja. Kumeneko ndiko kunapangidwa sitima ya Chauncy Maples, imene inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, n'kulowa m'madzi mu 1901 kuti izitumikira mamishoni a Anglican ku Likoma ndi m'gombe lathu lino la kum'mawa. Injini ya nthunzi inali ndi mipopi ndi mavalavu ambiri ofuna kuperedwa pamanja nthawi ndi nthawi kuti nthunzi isathawe, choncho luso limeneli linafika pa nyanja ino pamodzi ndi sitima zoyambirira. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960, tawuni ino ikutchedwa Augusto Cardoso, Apwitikizi anakhazikitsa pano malo a asilikali a pamadzi, ndipo maboti awo a dizilo anawabweretsa pa njanji ndi pa malole kuchokera ku nyanja ya mchere. Injini si chinthu chatsopano pa Metangula. Chatsopano ndi kuchuluka kwake.

M'fakitale ntchitoyi imachitika chonchi. Pamakhala mbale yaikulu yozungulira, kawirikawiri ya chitsulo chosungunula chonga cha mapoto a miyendo itatu aja. Mbaleyo imazungulira pang'onopang'ono. Pamwamba pake pamakhala mikombero itatu kapena inayi, ndipo zitsulo zofuna kuperedwa amaziika m'kati mwa mikomberoyo, osazimanga ndi chilichonse, kungoikapo cholemera pang'ono. Pa mbalepo pamadontha phala lamadzimadzi la timiyala tosalala ngati ufa woyera. Timiyalato timagubuduzika pakati pa mbale ndi chitsulo, n'kumabenthula tizidutswa tosaoneka ndi maso. Mikombero ija nayo ili ndi ntchito yachiwiri: pozungulira imadya mbale mofanana paliponse kuti isakumbike ngati mphero ya agogo.

Mungafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito girayinda ya magetsi, imene imathwanima moto n'kumaliza ntchito m'kanthawi kochepa. Chifukwa chake ndi moto womwewo. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo chikazizira chimabwerera mokhota. Komanso chitsulo chimene mwachipana mwamphamvu pochidula chimapindika pang'ono, mukachimasula n'kubwerera m'mene chinalili, nkhope imene mumati yawongoka ija n'kukhotanso. Lapping ilibe moto, ilibe chopanira. N'chifukwa chake imabwera pomalizira penipeni, ndipo imachotsa zochepa kwambiri, nthawi zambiri zosafika pa kunenepa kwa tsitsi. Timiyala take ndi ta mitundu ingapo. Tofala kwambiri ndi takuda totchedwa carborundum, timene Edward Acheson anatipanga mu 1891 ku America, ndipo ndi tomwe timapezeka m'kachitini ka phala lopelera mavalavu kamene makaniko wanu ali nako. Pa zitsulo zolimba zedi amagwiritsa ntchito fumbi la dayamondi.

Poyeza sagwiritsa ntchito rula. Amatenga galasi lapadera lathyathyathya, n'kuliika pa chitsulocho pansi pa nyale ya kuwala kwa mtundu umodzi. Pamenepo pamaoneka mizere yakuda ndi yowala ngati ya mbidzi. Gwero la mizereyi ndi lomwe lija limene limapatsa mitundu ya utawaleza petulo akatayikira pa madzi pa gombe. Mizere ikakhala yowongoka, chitsulo chili thyathyathya. Ikakhota kapena kuzungulira ngati mafunde a mwala woponyedwa m'dziwe, pali chulu kapena chigwa. Mzere umodzi ukuimira pafupifupi maikroni 0.3. Ndiko kunena kuti tsitsi lanu lija mulilenge pa 200, gawo limodzi ndilo mulingo wake.

Pa onse amene anagwirapo ntchito imeneyi, ine amandisangalatsa ndi Carl Edvard Johansson wa ku Sweden, chifukwa anayamba monga momwe amisiri athu amayambira. Ankagwira ntchito m'fakitale ya mfuti ku Eskilstuna, ndipo mu 1896 anaganiza zopanga tinjerwa tachitsulo toyezera, timene munthu angatisanjikize n'kupeza mulingo uliwonse umene akufuna. Makina opelera analibe. Anatenga makina osokera a mkazi wake n'kuwasintha kuti azizunguza mbale yopelera, ndipo mayiyo ankamuthandiza ntchito kunyumba. Boma la Sweden linamupatsa chikalata cha umwini wa nzeruyi mu 1901, ndipo mu 1923 anapita kukagwira ntchito ndi Henry Ford ku America. Tinjerwa ta Johansson ndi tathyathyathya moti mukatsetsereza tiwiri pamodzi timamatana popanda guluu, popanda maginito, mpaka munthu kuchita kutipotokola kuti tilekane. Pa mulingo umenewu ngakhale kutentha kwa dzanja kumasokoneza. Chitsulo cha masentimita 10 chikafunda ndi digiri imodzi yokha chimatalika ndi maikroni imodzi ndi pang'ono, n'chifukwa chake mu 1931 mayiko anagwirizana kuti miyezo yotere izichitika pa madigiri 20. Pa Metangula mwezi wa October madigiri 20 tingawapeze kuti?

Tibwerere ku gombe. Injini za maboti athu, za 15 ndi za 40 zija, hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachedwa kupindika akapsa. Chimene chimapsereza injini nthawi zambiri ndi mchenga. Boti likamakocheza injini ili chilirire m'madzi osaya, imayamwa mchenga, ndipo mchengawo umadya impela, kachipangizo ka raba kopopa madzi oziziritsa injini. Kamadzi kamene injini imataya kumbuyo kaja kakayamba kuchepa, dziwani kuti hedi ili pa moto. Chachiwiri ndi kumanga mabawuti. Mnyamata amamanga bawuti imodzi mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, kenaka n'kupita pa ina. Mabawuti a hedi amamangidwa pang'onopang'ono, modumphadumpha, maulendo awiri kapena atatu, potsata ndondomeko ya m'buku la injiniyo.

Hedi ikapindika, ndaonapo njira zitatu zimene anthu amathamangira, ndipo zonse ndi zotaya ndalama. Ena amaika magasiketi awiri. Ena amapaka silikoni wambiri ngati akuzira nyumba. Ena, ndipo awa ndiwo amandimvetsa chisoni, amakwecha hedi pa simenti ya pakhonde. Abale anga, khonde limene mmisiri analisalaza ndi thabwa ndi diso lingawongole bwanji chitsulo chimene chikufuna mulingo wa tsitsi?

Njira yabwino si yodula. Pezani galasi lochindikala, la mamilimita 6 kapena kuposa, ndipo muliike pa tebulo lolimba losagwedera. Galasi la mawindo la masiku ano ndi lathyathyathya chifukwa cha kapangidwe kake: kuyambira pamene kampani ya Pilkington ku England inalengeza njira yake mu 1959, galasi amaliyandamitsa lili lamadzimadzi pamwamba pa tini wosungunuka, ndipo limagona see ngati nyanja tsiku la bata. Galasi lopyapyala la maluva limapindika mukalitsamira, ndipo la kutsogolo kwa galimoto ndi lokhota kale, choncho awiriwa musawayese. Pa galasipo yalani sandipepa ya m'madzi, ya nambala 400 mpaka 600, muinyowetse. Nkhope ya hedi muichape, muilembelembe yonse ndi cholembera cha inki. Tsono igwireni pakati ndi manja onse awiri, muziyendetsa molemba nambala 8. Mukalemba 8 kakhumi, tembenuzani hedi pang'ono m'manja mwanu, mupitirize. Kuyenda kwa 8 ndi kutembenuzako ndiko kumaletsa dzanja lanu lamphamvu kudya mbali imodzi. Musakanikize, kulemera kwa manja n'kokwanira.

Nthawi ndi nthawi tukulani muone. Pamene inki yafufutika ndi pa chulu, pamene yatsala ndi m'chigwa. Inki yomaliza ikangochoka, imani pomwepo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa ntchito iyi kupitiriza kulinso ndi mlandu wake, chifukwa hedi ikadyeka kwambiri chipinda chopsera mafuta chimachepa, injini imayamba kugogoda ndi kutentha. Mabuku a opanga mainjini ambiri a maboti amati kupindika kusapitirire milimita 0.1. Kumeneku ndi pafupifupi kunenepa kwa pepala limodzi lolembapo. Gonekani rula yachitsulo yowongoka pa hedi, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muyese kulowetsa filageji, kapena kachidutswa ka pepala ngati filageji mulibe. Musaiwale kuyezanso nkhope ya silinda, pakuti gasiketi ili ndi anansi awiri. Hedi yokhota kwambiri, kapena yong'aluka, galasi silingaithandize; imeneyo ipite kumzinda kumene kuli makina ometa mahedi. Njira yomweyi ya galasi imathandizanso pa nkhope ya kabuleta ndi pa chivundikiro cha pampu ya madzi.

Za mavalavu sindichulutsa, poti amakaniko a njinga zamoto ndi a zigayo amazidziwa. Ena amati kugirayinda mavalavu. Mpando wa valavu si wathyathyathya, ndi wopendekeka, koma nzeru yake ndi ya mphero yomwe ija: valavu ndi mpando wake ziperane mpaka zigwirane. Kamtengo ka raba kumapeto kaja kamapekedwa m'manja monga ankapekera moto makolo athu, uku mukutukula valavu ndi kuitembenuza pafupipafupi. Yambani ndi phala lokhakhala ngati pali tizilonda, mumalize ndi losalala. Chimene mukufuna ndi kamzere kotuwa kozungulira valavu yonse mosaduka. Kuti mutsimikize, bwezerani masipuling'i, thirani palafini kumbuyo kwa valavu, muone ngati akudontha. Zolakwa zimene zafala ndi ziwiri. China ndi kumanga valavu pa dirilo ya magetsi kuti ntchito ifulumire, zimene zimakumba mizere yozungulira pa mpando. China ndi kusachapa. Phala lotsalira, ngakhale kadontho, likalowa m'njira ya valavu kapena mu oyilo, limapitiriza ntchito yake yopera m'kati mwa injini, usana ndi usiku, popanda wolilipira.

Tsopano tifike pamene pali malire aja. Mu injini ya dizilo, kaya ya chigayo, ya jenereta, ya lole kapena ya boti lalikulu, muli ziwalo zimene zinaperedwa kufakitale pa mulingo wa maikroni. Zimenezi ndi nozo ya injekita ndi pulanja ya m'pampu ya mafuta. Kampani ya Bosch ku Stuttgart inayamba kupanga mapampu otere ochuluka mu 1927, ndipo ndi pamene injini ya dizilo inatha kulowa m'malole ambiri. Mu injini zakale zija mafuta amatuluka pa nozo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono pafupifupi ka 100. M'magalimoto atsopano mphamvuyo imafika ka 1,000. Palibe gasiketi ya pepala kapena ya raba imene ingapirire zimenezo. Pamene nozo imakumana ndi thupi la injekita pali chitsulo pa chitsulo basi, nkhope ziwiri zathyathyathya, ndipo sizidontha. Singano ya m'kati mwa nozo imayenda m'bowo lake ndi mpata wa maikroni awiri kapena atatu. N'chifukwa chake singano ndi nozo yake amazigulitsa pamodzi ngati banja. Mukatsegula mainjekita anayi n'kuponya masingano onse m'mbale imodzi, mwasokoneza mabanja anayi.

Tsono taganizani munthu akutenga singano imeneyi n'kuipukuta ndi sandipepa kuti "ichoke dzimbiri", kapena kutokosa mabowo a nozo ndi waya wa buleki ya njinga. Kamwala kamodzi ka pa sandipepa ya 600 ndi kakakulu kuposa mpata wonse wa singanoyo kangapo. Injini idzalira ndithu, mwini wake adzalipira mosangalala, koma pakapita masiku idzayamba kufuka utsi wakuda, kuvuta kudzuka m'mawa ndi kumwa mafuta ngati ili pa ukwati. Nozo yodontha imatsuka oyilo m'silinda, ndipo nthawi zina imaboola pistoni.

Chimene makaniko wa pansi pa mtengo angachite pa nozo ndi kuichapa m'dizilo woyera, kuchotsa mwaye ndi kamtengo kapena burashi ya mkuwa, ndi kuiyesa. Singano yonyowa ndi dizilo muitulutse gawo limodzi mwa magawo atatu, mupendeketse nozo, muisiye. Ikatsetsereka yokha ndi kulemera kwake, ili bwino. Ikakakamira, kapena ikasintha mtundu n'kukhala yobiriwira chifukwa cha moto, gulani ina. Singanoyo muziigwira kumchira kokha, chifukwa thukuta la zala limadyetsa dzimbiri. Ndipo chonde, poyesa m'mene injekita ikupopera, dzanja likhale kutali. Mafuta amenewo amaboola khungu ngati jekeseni, bala limaoneka laling'ono, koma munthu akhoza kuduka chala. Zikachitika thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafotokoze bwino chimene chalowa m'thupi.

Komabe mdani wamkulu wa nozo si makaniko. Ndi mafuta akuda. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuchokera kuno mpaka ku Cobué, ambiri timagula mafuta a m'mabotolo ndi m'zigubu, ndipo sindikunyoza ogulitsa, pakuti popanda iwo maboti ambiri sakanachoka pa gombe. Koma taonani ulendo wa mafutawo. Chigubu chimakhala pa mchenga chitsekerero chili pambali, fanelo imagona pansi, mwera ukuwomba fumbi. Mchenga wa nyanja yathu ndi wolimba moti umakanda galasi ndi chitsulo. Fumbi lake likasakanizika ndi dizilo, mwapanga phala lopelera lenileni, ndipo pampu imalipititsa pa pulanja ndi pa singano maulendo mazanamazana pa mphindi iliyonse. Imeneyo ndi lapping imene simunaipemphe. Kusefa ndi chitenje kumagwira zinyalala ndi nyerere, koma mabowo a nsalu ndi zipata zazikulu kwa fumbi la maikroni 10. Fyuluta ya mafuta ndiyo inapangidwira ntchito imeneyo, ndipo munthu amene amaiboola ndi msomali kapena kuichotseratu chifukwa "ikutsekereza mafuta" akugulitsa ng'ombe kuti asunge chingwe. Fyuluta ikatseka ndiye kuti yagwira ntchito yake, isintheni.

Pali zina zosalira ndalama. Mgolo wa dizilo ukafika, usiyeni ukhale tsiku lathunthu osaugwedeza kuti fumbi ndi madzi zitsike, ndipo potunga musafike pansi penipeni. Madzi m'dizilo ndi oipa ngati mchenga, poti nkhope zoperedwa zija zikagwira dzimbiri usiku umodzi wokha sizibwereranso. Dizilo asasungidwe m'ndowa kapena m'migolo ya malata opaka zinki, chifukwa amasungunula zinkiyo n'kukaiunjika pa nozo. Fanelo ikhale ndi thumba lakelake.

Nkhope zoperedwa zilinso m'malo ena amene sitiwaganizira. Pampu yothirira m'dimba ili ndi silo ya mphete ziwiri, ina yakuda, ina yoyera, zimene zimakhuzana pamene shafiti ikuzungulira, ndipo madzi sadutsa pakati pake chifukwa zonse ndi zathyathyathya pa mulingo wosafika maikroni imodzi. Pampu ikalira popanda madzi ngakhale kwa mphindi zochepa, mphetezo zimapsa. Poika silo yatsopano musaigwire pankhope ndi zala za girizi ndi mchenga. Mipopi yatsopano ija yotseka ndi kupotokola kamodzi ili ndi timbale tiwiri tolimba toperedwa chimodzimodzi, n'chifukwa chake imayamba msanga kudontha kumene madzi amabwera ndi mchenga. Ngakhale foni ili m'thumba mwanuyo, ubongo wake unadulidwa pa mbale yopyapyala ya silicon imene inaperedwa ndi kupukutidwa isanalembedwe kanthu.

Kwa msodzi nkhani yonseyi imathera pa masiku a mdima. Usipa sudikira munthu. Injini ikagona sabata yathunthu mwezi uli kumdima, mwini boti wataya, alovi ake ataya, amayi oyanika ndi ogulitsa nawonso ataya. Ndipo imeneyo ndi injini yofera pa gombe. Yofera pakati pa nyanja mwera utadzuka mu June kapena July ndi nkhani ina, imene mabanja ena kuno safuna kuikumbutsidwa.

Maganizo anga ndi akuti makomiti a asodzi, ma CCP aja, pamodzi ndi eni zigayo, asonkhe kangachepe agule zida zochepa zokhala pa malo amodzi: galasi lochindikala kapena mbale yeniyeni yopelera, rula yachitsulo yowongoka, filageji, sipanala yoyeza mphamvu yomangira mabawuti, ndi kapampu ka pamanja koyesera mainjekita. Zonsezi zikhoza kukwana pa tebulo limodzi. Pakhale munthu mmodzi wozisamala, m'chipinda chotseka chimene mwera sulowetsa fumbi, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito azisiya kandalama kogulira sandipepa ndi phala. Mbaleyo izikhala yovundikira nthawi zonse, asaikepo sipanala kapena kapu ya tiyi, ndipo phala lokhakhala ndi losalala lisakumane pa mbale imodzi. Akapeza mbale zitatu m'malo mwa imodzi, ndiye kuti azitha kuziwongola okha pomwe pano, monga ankachitira Whitworth.

Sabata yamawa, tikadzuka bwino, tidzakamba za kusakaniza oyilo ndi petulo m'mainjini a maboti, poti kumenekonso aliyense ali ndi muyezo wakewake.